Cooler box yang'aluka mkati ndi pakona: timate ndi guluu kapena tiwotcherere?

Mayi a Chiku: Akuluakulu pagulu pano, ndigawireni nzeru. Cooler box ya malita 45, ya pulasitiki wolimba uja, yabuluu kunja yoyera mkati, yang'aluka malo awiri. Mng'alu woyamba uli mkati pansi, wautali masentimita 12, ukuyambira pafupi ndi potulukira madzi. Wachiwiri uli kunja pakona ya pansi, waufupi koma wayasama. Super glue wakanika, epoxy wa machubu awiri uja nayenso wakanganuka ngati khungwa. Bokosilo likulemera kuposa kale ngakhale mulibe kanthu. Ndi losungiramo zakumwa ndi ayisi.

Wamabampa: Mayi, musatayenso ndalama pa guluu. Guluu amene munagula alibe mlandu, nkhani ili pa pulasitikiyo. Ma cooler box olimba ambiri amapangidwa ndi polyethylene kapena polypropylene, ndipo onse awiri ndi oterera ngati kandulo. Guluu amangokhala pamwamba osaluma. N'chifukwa chake ngakhale timabotolo ta super glue amatipanga ndi pulasitiki wa mtundu womwewu, kuti guluuyo asamatirire m'botolomo. Mankhwala ake ndi kuwotcherera: kusungunula milomo yonse iwiri ya mng'alu pamodzi ndi pulasitiki wina wofanana naye, zonse zisanduke chinthu chimodzi. Musanachite china chilichonse, gadabuzani bokosilo muyang'ane pansi. Pamakhala kachizindikiro ka mivi itatu, pakati pali nambala. Ngati ndi 2 ndiye HDPE, mtundu wa polyethylene, ngati ndi 5 ndiye PP, kutanthauza polypropylene. Muyang'anenso mkati ndi kunsi kwa chivindikiro, chifukwa nthawi zambiri chakunja ndi chamkati sizikhala pulasitiki mmodzi.

Wamafuliji: Achimwene Wamabampa anena zoona, koma mawu akuti bokosi likulemera asatidutse. Pakati pa khoma lakunja ndi lamkati pali foam, chinthu chachikasu chouma chija chonga cha m'makoma a fuliji. Madzi a ayisi alowera pamng'alu wamkati ndipo akhala mmenemo. Mukatseka madziwo ali momwemo mwataya zinthu ziwiri. Choyamba, madzi amadutsitsa kutentha kuposa foam youma maulendo oposa 20, ndiye ayisi azisungunuka msanga ngakhale bokosi litasiya kudontha. Chachiwiri, chitsulo chotentha chikafika pamng'alu wonyowa madziwo amasanduka nthunzi, nthunziyo imaboola pulasitiki wofewayo n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Ndiye muyambe kuumitsa. Chotsani chitsekero cha potulukira madzi. Boolani mabowo awiri kapena atatu a mamilimita 5 pansi pa khoma lakunja, makamaka cha kumakona. Liimikeni pa njerwa mopendekeka kuti madzi azitsikira kumabowoko, pamalo podutsa mphepo, chivindikiro chili chotsekula. Muzilipima pa sikelo tsiku lililonse. Likatha masiku awiri otsatizana kulemera kusakusintha, lauma mmene lingaumire. Zimatenga sabata, nyengo yamvula kuposa apo. Musaliwambe pa mbaula, makoma amapindika.

Angoni Jere: Nanga guluu wa mapaipi a PVC uja? Amagwira zedi pa pulasitiki.

Wamabampa: Angoni, ameneyo amagwira pa PVC chifukwa amasungunula khungu la paipiyo. Pa HDPE ndi PP sasungunula kanthu, amangouma n'kuyoyoka. Chimodzimodzi silicone: amatseka masiku ochepa, kenako mumamusenda ndi chikhadabo. Resin ya fibreglass nayo imauma n'kukhala chigoba chokanganuka.

Mayi a Chiku: Pansi pali nambala 2. Mkati mulibe chizindikiro chilichonse. Ndidziwa bwanji?

Wamabampa: Palani kachidutswa kakang'ono ndi mpeni pamlomo wa mng'aluwo, poti pamenepo mupalapo kale ndi kale. Kaponyeni m'kapu ya madzi n'kukakankhira pansi ndi chala. HDPE ndi PP amabwerera pamwamba. Kakamira ndiye ndi mtundu wina monga polystyrene kapena ABS, ndipo ameneyo epoxy amamugwira bwino, nkhani imasintha. Kakayandama, kagwireni ndi pulayala panja mukayatse. Polyethylene amayaka lawi labuluu lachikasu kunsonga, amadontha, ndipo mukazimitsa amanunkha kandulo weniweni. PP amayaka mofananako koma fungo lake ndi lakuthwa, losafanana ndi kandulo. Chikhadabo chimathandizanso: polyethylene amalembeka mosavuta, PP ndi wouma pang'ono. Koma mayeso osanama ndi awa: tengani kachingwe ka pulasitiki amene mukufuna kumatira, kawotcherereni nsonga yake pamalo obisika, kasiyeni kazizire mphindi zisanu, kenako kakokeni ndi pulayala. Kakaduka n'kusiya nsonga yake itakakamira pabokosi, ndi pachibale. Kakamatuka konse n'kusiya pamalopo posalala, si mtundu wake. HDPE ndi PP akakhala otentha amaoneka ngati agwirana, akazizira amasiyana. Apa m'pamene ntchito zambiri zimafera.

Nachisale wa Chambo: Pulasitiki womatira musakafune kutali. Wa nambala 2 ndi chigubu cha mafuta ophikira chija cha malita 5 kapena 20, chitsukeni ndi sopo mafuta onse achoke. Wa nambala 5 amapezeka pa makontena a majarini ndi ayisikilimu, ndowa zambiri ndi zivindikiro zake, koma muziwerenga nambala pansi, osangoganiza. Chigubu chimene munakhalapo petulo, dizilo, parafini kapena mankhwala a kumunda chisayandikire n'komwe, pulasitiki amamwa zimenezo ndipo mukamutenthetsa zimatuluka. Botolo la madzi akumwa loonekera mkati lija ndi nambala 1, silingathandize. Dulani timizere totalika masentimita 20, mulifupi mamilimita 4 kapena 5. Kwa amene bokosi lawo limanyamula nsomba, mafuta a nsomba amalowa mumng'alu ndipo amakaniza kugwirana. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kwechani mumng'alumo ndi mswachi wakale, ndipo muchite zimenezi musanayambe kuumitsa kuja. Tsiku lowotcherera pukutani ndi spiriti basi.

Wamafuliji: Ndionjezere pa spiriti. Musagwiritse ntchito thinner, acetone kapena petulo popukuta. Mabokosi ena otchipa pakati pake amaikamo kaylite yoyera ija m'malo mwa foam yachikasu, ndipo zimenezi zikadontheramo kaylite imasungunuka nthawi yomweyo n'kusiya mphako.

Wamabampa: Tsopano ntchito yeniyeni, tiyambe ndi mng'alu wamkati poti ndiwo ukulowetsa madzi.

Pezani pamene mng'alu wathera mbali zonse ziwiri. Maso amanama, mng'alu umapitirira ngati tsitsi kupyola pamene mukuuonera, ndiye unikani ndi tochi cham'mbali kwinaku mukudinikiza ndi chala. Boolani kabowo ka mamilimita 3 kumapeto kwenikweniko. Kabowoka kamaletsa mng'alu kuyenda. Kulungani tepi pa drill bit mamilimita 4 kuchokera kunsonga kuti musalowe kwambiri mu foam. Ngati mulibe drill, msomali wotentha umachita.

Palani khungu la pamwamba masentimita 2 mbali iyi ndi iyo ya mng'alu, mpaka pulasitiki aoneke watsopano. Palani ndi mpeni mutauimika, osati sandipepa, chifukwa mchenga wa sandipepa umatsalira n'kulowa m'chowotchereracho. Zotsalira za super glue ndi epoxy zichoke zonse, kachidutswa kamodzi kokha kamasiya podonthera. Kenako semani ngalande yooneka ngati V motsatira mng'alu, yakuya magawo awiri mwa atatu a khomalo. Khoma lamkati la mabokosi awa limakhala lopyapyala, mamilimita 2 kapena kucheperapo, ndiye dzanja lipepuke.

Soldering iron, chitsulo chamagetsi chowotcherera mawaya chija, ya mawati 40 mpaka 60 ndi yokwanira, ya nsonga yaphwatalala. HDPE amasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, PP cha pa 165, pamene soldering iron yopanda chochepetsera moto imatha kupyola 400. Ndiye mudziwe kuti chida chanu chatentha kuposa mmene ntchito ikufunira. Pulasitiki woyenera amafewa n'kunyezimira ngati wanyowa, wachigubu choyera amafika poonekera mkati. Akayamba kufuka utsi, kuchita thovu kapena kusanduka wabulawuni, wapsa, ndipo pulasitiki wakupsa amathetheka ngati bisiketi. Zikatero zulani pulagi kwa mphindi imodzi, palani chakupsacho, yambiraninso.

Yambani ndi kulumikiza mwa apo ndi apo. Kanikizani milomo ya mng'alu ikhale yofanana, gunditsani nsonga modutsa mng'alu pa masentimita 2 aliwonse, ngati mukusoka chigamba. Zikazizira, yendetsani nsonga m'ngalande monse kuti pansi pa V pagwirane. Ndiyeno ikani kachingwe kanu. Chinsinsi chili apa: nsonga ikhudze khoma ndi kachingwe nthawi imodzi, zonse zifewe, kenako mukankhire kachingweko m'ngalande n'kusakaniza pang'ono ndi nsongayo. Chitani masentimita 3, imani, dinikizani ndi kumbuyo kwa supuni yachitsulo yozizira, pitirizani. Mukathamanga mng'alu wonse ulendo umodzi khoma limatentha kwambiri, limabwefuka, ndipo pozizira limakokana n'kutsegula mng'alu wina pambali. Mzere woyamba ukazizira ikani wachiwiri wotambalala kuphimba woyambawo, upyole timabowo tija ndi sentimita imodzi. Musathire madzi kuti pazizire msanga. Pazizire pokha, mphindi 20.

Angoni Jere: Amisiri omata ndowa ndi mabeseni m'misika amangoyatsa pulasitiki n'kudonthezera pamng'alu. Sizingachitike chimodzimodzi?

Che Mdala: Angoni, omata ndowa odziwa ntchito sadonthezera ayi, amagwiritsa chitsulo chamoto. Dontho la pulasitiki woyaka limagwera pakhoma lozizira, limauma lisanasungunule khomalo, ndiye limangokhala ngati phula pagalasi. Komanso lapsa kale ndi lawi, lili ndi mwaye. Kumene kulibe magetsi njira ndi iyi: pezani zitsulo ziwiri zaphwatalala, monga screwdriver yakale yaikulu kapena chitsulo cha mamilimita 8 chosulidwa kunsonga, zokhala ndi chogwirira chamtengo. Ziikeni pa mbaula muzisinthanitsa, china chikugwira ntchito china chili pamoto. Chisafike pofiira. Mukachichotsa pamakala chipukuteni pa thabwa kuti phulusa lichoke, kenako chiyeseni pa chidutswa cha chigubu. Chikalira n'kufukitsa utsi, werengani mpaka 10 muyesenso. Chikamalowa mofewa ngati mpeni pa majarini, chakonzeka. Chitsulo chimodzi chimakupatsani masekondi 15 kapena 20 basi, n'chifukwa chake zimafunika ziwiri.

Wamafuliji: Chenjezo pa foam, chonde musalitenge mopepuka. Foam ya polyurethane ikapsa imatulutsa utsi wa poizoni. Gwirirani ntchito panja, mphepo izichokera kumsana kwanu, ana akhale kutali. Ngati mng'alu wayasama moti foam ikuoneka, dulani kachidutswa ka chitini cha aluminiyamu cha zakumwa, mulifupi masentimita 2, mukalowetse pamng'alupo kagone pakati pa khoma ndi foam. Kamateteza foam ku nsonga yamoto komanso kamagwira pulasitiki wosungunuka kuti asagwere mkati. Kamatsala momwemo, sikavuta.

Nachisale wa Chambo: China: soldering iron imene yakhala ikukonza mawailesi ndi mafoni imakhala ndi mtovu wa solder kunsonga. Mkati mwa bokosi mumakhala ayisi wokhudza mabotolo ndi chakudya. Gulani nsonga yatsopano, kapena palani yakaleyo ndi tupa mpaka kopa aoneke mbee.

Wamaboti: Ndikugwirizana ndi kuwotcherera mkati, koma ndisiyaneko pang'ono ndi akulu Wamabampa pa mawu akuti guluu n'zosatheka. Zimatheka ngati pulasitiki wayamba wadutsidwa ndi lawi. Mumakwecha ndi sandipepa wa nambala 80, kupukuta ndi spiriti n'kudikira aume kotheratu, kenako kudutsitsa lawi labuluu la gasi pamwamba mofulumira, kawiri kapena katatu, ngati mukupaka penti ndi bulashi. Cholinga si kusungunula, pulasitiki asasinthe n'komwe maonekedwe. Lawilo limasintha khungu la pamwamba kuti guluu apeze pogwira. Poyesa, donthezani madzi pakona: akayalana ngati pagalasi loyera zatheka, akaundana timadontho sizinatheke. Muumitse, ndipo mumate pasanathe mphindi 30. Kandulo kapena machesi sizigwira, zimangopaka mwaye. Epoxy wake akhale wotha kupindika, monga G/flex wa West System, osati wouma gwa wa mphindi zisanu uja. Palinso 3M DP8005 amene anapangidwira polyethylene ndi polypropylene ndipo safuna lawi, koma ndi wodula ndipo amafuna mfuti yakeyake yofinyira guluuyo.

Wamabampa: Zoona akulu, njirayo ilipo ndipo pamalo aphwatalala imagwira. Koma taonani pamene pali mng'alu wa mayiwa: pansi, pafupi ndi potulukira madzi, pomwe pamakhala madzi ozizira tsiku lonse ndipo mabotolo amagunda. Polyethylene amafutukuka ndi kukhwinyata kwambiri kuposa epoxy kukatentha ndi kukazizira, ndiye m'mphepete mwa chigamba m'mene mumayambira kumatuka. Komanso lawi la gasi pafupi ndi mng'alu woyasama ndi foam kuseri kwake, dzanja losazolowera likhoza kuyatsa bokosi. Mtengo wa guluu ameneyo ukhozanso kufanana ndi wa bokosi latsopano. Soldering iron ndi chigubu n'zapafupi.

Wamaboti: Pa mng'alu umenewo ndavomera. Njira ya lawi isungidwe pomata chigamba chachikulu kunja, pamene khoma labooka moti palibe milomo yoti ikumane.

Mayi a Chiku: Kachidutswa kamkati kayandama, fungo si la kandulo, ndipo kachingwe ka chigubu kamatuka nditakakoka. Ka kontena ya majarini kagwira. Ndiye mkati ndi 5, kunja ndi 2. Nanga pakona paja poyasama ndipatani?

Wamabampa: Mwachita bwino kuyesa, mayi. Musasakanize timizere tanu, ikani ta 5 m'thumba lina ta 2 m'thumba lina. PP amafuna moto wochulukirapo pang'ono ndipo akasungunuka amayenderera msanga kuposa HDPE, ndiye mkatimo dzanja lisachedwe pamalo amodzi.

Pakona ndi pamene bokosi limamenyetseka pansi, pamafuna chilimbitso. Mangani bokosi ndi lamba kapena mphira wa chubu kuti mng'alu utsekeke, lumikizani mwa apo ndi apo, wotchererani monga tanenera ndi timizere ta chigubu. Kenako dulani sefa ya waya wa stainless, ipyole mng'alu masentimita 2 mbali zonse, muipinde itsatire kona. Sefa ya tiyi yachitsulo ija imakwana bwino. Idinikizeni ndi nsonga yamoto kuyambira pakati kupita m'mphepete mpaka imire m'pulasitiki, pulasitikiyo atulukire m'maso mwa sefayo. Mukamasuntha nsonga, gwirani pamene mwachokapo ndi screwdriver yozizira kuti waya asadzuke. Imire theka la khoma, isapyole. Pomaliza phimbani yonse ndi pulasitiki wa chigubu, waya asaoneke ngakhale kamodzi. Gozi waya wa m'mawindo ayi: wachitsulo amachita dzimbiri, ndipo wofewa uja ndi wokutidwa ndi PVC, amapsa n'kutulutsa utsi woipa.

Mkati sefa musaikemo pokhapokha khoma likhale lokhuthala. Pa khoma la mamilimita 2 waya amatulukira, amabaya zala ndipo amasunga litsiro.

Wamafuliji: Musanatseke pakonapo, pisani kawaya muone ngati foam ilipo. Pamene bokosi linagwera nthawi zambiri imaphwanyika n'kusiya mphako, ndipo khoma lopanda chotsamira kuseri limang'alukanso. Mphako yaing'ono itsekeni ndi zidutswa za kaylite zothinitsa. Yaikulu imafuna foam ya m'chitini yopopera ija, koma samalani, imafufuma kawiri kapena katatu. Thirani gawo limodzi mwa atatu a mphakoyo, siyani bowo lotulukira yotsala, ndipo tsamiritsani thabwa mkati ndi kunja mutamanga, apo ayi khoma lamkati litupa ngati chithupsa. Dikirani maola 24, dulani yotuluka, ikani kachitini kaja, kenako muwotcherere. Mabowo oumitsira aja atsekeni pomalizira penipeni.

Che Mdala: Popeza mng'alu wayambira pa potulukira madzi, yang'ananinso chitsekerocho. Kawirikawiri chimene chimang'alula pamenepo ndi kumanga nati mopyola muyeso pofuna kuletsa kudontha, pomwe vuto linali mphira wakutha. Pobwezeretsa ikani washala wa mphira watsopano mkati, wodula pa chubu cha galimoto amakwana, mumange ndi dzanja mpaka igwire, kenako muonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Pamene washala akhale payenera kukhala posalala, ndiye ngati chowotcherera chafika pamenepo chipaleni chifanane ndi khoma. Apa silicone wochepa pansi pa washala amathandiza, chifukwa wapanikizidwa ndi nati, sakudalira kumatirira.

Nachisale wa Chambo: Si bokosi lililonse loyenera kuvutikira. Ngati pulasitiki wakunja watuwa, mukapala ndi chikhadabo akutuluka ufa, kapena mukadinikiza ndi chala chachikulu pakumveka kuthetheka, dzuwa lamudya. Mukamata apa ang'aluka apo. Ndipo bokosi losungira katemera kapena mankhwala ofuna madigiri 2 mpaka 8 lisamatidwe kunyumba n'kubwezeredwa pa ntchito yomweyo, foam yake ikalowa madzi simungadalirenso kuzizira kwake.

Mayi a Chiku: Pulasitiki akadali bwino, sakutuluka ufa. Ndikamaliza ndiyese bwanji kuti ndidziwe kuti sipakudontha?

Wamafuliji: Kuika bokosi pa simenti youma n'kuyang'ana pansi sikokwanira, chifukwa mkati mukadontha madziwo amathera mu foam, kunja osaoneka kanthu. Chitani chonchi. Musanatseke mabowo oumitsira, pakani spiriti wapepo uja pa chowotcherera chamkati n'kupukuta msanga. Pamene pali kabowo kapena mphepete yosagwira pamatsala kamzere kapepo, pamenepo bwerezani ndi nsonga yamoto spiritiyo atauma. Kenako pimani bokosi pa sikelo mulembe. Thirani madzi mpaka theka, lembani mzere ndi pensulo pamene alekezera, vindikirani, liikeni pa njerwa ndi nyuzipepala kunsi kwa mabowo aja. Pakatha maola 24 onani mzere, onani nyuzipepala, khuthulani, pukutani, pimaninso. Zitatuzi zikagwirizana, tsekani mabowo ndi timizere ta nambala 2. Tsukani mkati ndi supuni yaikulu imodzi ya Jik m'malita 4 a madzi, tsukuluzani, liume lili chotsekula.

Che Mdala: Ndipo dulani chidutswa cha mphira kapena kapeti ya pulasitiki muyale pansi mkatimo, kuti chibuma cha ayisi ndi matako a mabotolo zisamamenye pachowotcherera. Ayisi muzimutsitsa ndi manja, osamuponya, poti PP akazizira kufika cha pa madigiri 0 amauma n'kuyamba kuthetheka msanga. Pomanga pa njinga kapena pa kabaza, mphira adutse pamwamba pa chivindikiro ndi kunsi kwa thabwa limene bokosi lakhalapo, asakoke zogwirira, ndipo thabwalo likhale lalikulu kuposa pansi pa bokosi kuti makona asalendewere.